Mpira wa anzathu osaona kuno ku Joni: mafunso amene mumakonda kutifunsa

Abale, mafunso awa akhala akubwerabwera pa gulu lathu la WhatsApp, ena amafunsa ndi anthu oima pa waya Loweruka tikamapanga pulakatisi, nde ndaona kuti bola ndingowalemba malo amodzi kuti wina akafunsanso tizingomuponyera basi. Ine ndimaona bwinobwino, ntchito yanga ndi yoima kuseri kwa golo kumaitana osewera komanso kuthandiza akochi pa zolimbitsa thupi. Ambiri pagulu lathu ndi aMalawi okhala cha ku Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair, kuphatikizapo anzathu angapo a ku Mozambique ndi ku Zambia omwe timamvana nawo chilankhulo.

Munthu wosaona angasewere bwanji mpira, si kufuna kuvulazana kumeneko?

Amasewera ndithu ndipo si zachibwana ayi, ndi masewero okhala ndi malamulo ake, limayang'anira ndi bungwe loona za masewero a osaona padziko lonse la IBSA. Timu imakhala ya anthu 5, anayi osaona ndi goloboyi woona yemwe saloledwa kutuluka mkabokosi kake kakang'ono. Bwalo ndi la mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi, mbali ziwiri zazitalizo kumakhala matabwa ofika cha mchiuno nde mpira sutulukira kumbali. Mpirawo uli ndi tizitsulo mkati, umalira ukamagubuduka, ndipo ochemerera amakhala chete mpaka chigoli chilowe kapena refu aimitse gemu.

Pa Paralympics, mpikisano waukulu wa dziko lonse wa anthu olumala, mpirawu unalowa mu 2004 ku Athens. Brazil inatenga golide kasanu kotsatizana kufikira ku Tokyo, kenako mu 2024 ku Paris eni nthaka a France anaiphula Argentina pa mapenate, pabwalo lomwe analikonza pafupi ndi Eiffel Tower. Ku Africa kuno madolo ndi Morocco, ku Tokyo anabwerako ndi mendulo ya nambala 3. Sakani pa YouTube dzina loti Ricardinho kapena Jefinho, osewera a ku Brazil, mukaonera mphindi ziwiri zokha funso lanuli litha lokha.

Nanga poti saona kale, mumawamangiranjinso kumaso?

Kusaona kumasiyana. Wina ndi mdima wokhawokha, wina amazindikira kuti uku kukuwala uku ayi, olo chithunzithunzi cha munthu akadutsa padzuwa. Mu mpira kakuwala kameneko ndi mwayi waukulu, nde pa mpikisano aliyense amamatidwa maso kaye kenako nkuvala chophimba kumaso kuti onse afanane. Gulu limeneli ndi la B1. Amene amaonako pang'ono, a B2 ndi B3, ali ndi mpira wawo wosavala zophimba. Pa pulakatisi pathu aliyense wolowa mkati amavala, olo inu oona amene mumati mukufuna kulawako.

Ndi zoona kuti osaona makutu awo ndi akuthwa kuposa athu?

Khutu ndi lomwelo achimwene, sanawawonjezere lina. Chimene chimasiyana ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Ubongo umadziwa kumene phokoso likuchokera poyerekeza makutu awiriwa, mawu ochokera kumanja amayamba kufika ku khutu lamanja, ku lamanzere amafika mochedwerako ndi kanthawi kosakwana olo gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, komanso amafika atachepa mphamvu poti mutu watchinga. Nchifukwa chake kumanja ndi kumanzere sikuvuta kwenikweni. Povuta ndi kutsogolo ndi kumbuyo, sinanga phokoso la kutsogolo kwenikweni ndi la kumbuyo kwenikweni limafika makutu onse nthawi imodzi, nde mumamuona munthu akuthamangira kutsogolo mpira uli ku chidendene chake. Mankhwala ake ndi kupotoza mutu pang'ono kuti khutu limodzi liyandikire. Chinanso chovuta ndi mtunda, kudziwa kuti mpira uli mamita 3 kapena 8, chimenecho chimabwera ndi kubwereza basi.

Ndikunena izi chifukwa cha inu achibale. Munthu amene wasiya kuona ali wamkulu kale, kaya ndi shuga kaya ndi ngozi ya kuntchito, samangodzuka mmawa makutu atasanduka a Ricardinho. Nde zomufunsa mokalipa kuti "kodi sukuumva mpirawo" musiye, akuumva, koma kuti uli pati ndi zimene akuphunzira.

Munthu watsopano mumayamba naye chani tsiku loyamba?

Mpira sitimupatsa, ena amakhumudwa nazo koma ndi momwemo. Amagwira chigongono cha womutsogolera, iye ndi amene amagwira, osati inu kumukoka dzanja kapena kumukankha kumsana, nkuzungulira bwalo lonse pang'onopang'ono. Akhudze mpanda, akhudze zitsulo za golo zonse ziwiri ndi yapamwamba yomwe, agwedeze neti, awerenge yekha masitepe ake kuchoka pagolo kufika pakati. Timaima naye nkumufunsa kuti msewu ukuumva mbali iti, dzuwa likukuwomba tsaya liti, pansi pakutsetsereka kupita kuti. Magetsi akathima usiku mnyumba mwanu simugunda tebulo chifukwa nyumbayo ili mmutu mwanu, koma kwa eni mumaswa makapu. Tikufuna bwalolo likhale nyumba yake.

Akalidziwa bwalo amayenda yekha kulondola mawu a munthu mmodzi woima patali, kenako kathamangidwe kapang'ono, mkono umodzi atapinda kutsogolo cha pachifuwa. Mantha amaonekera pathupi, mapewa kukwera mpaka mmakutu, masitepe kufupika, mutu kuwerama, mapazi kukwakwaza pansi. Zimenezo zikadalipo ndi kutaya nthawi kumuphunzitsa kumenya mpira.

Makutuwo mumawaphunzitsa bwanji kwenikweni?

Timayamba ataima malo amodzi. Wina amazungulira mwakachetechete nkuwomba mmanja kamodzi, wosewera aloze ndi mkono wonse. Akalakwitsa sitingoti walakwa, timawombanso pamalo omwewo mpaka apeze, kenako apite akamukhudze wowombayo kuti thupi litsimikize zimene khutu lamva. Akazolowera timasiya zoloza ndi mkono, atembenuke thupi lonse, chifuwa, mchombo ndi zala zakuphazi ziyang'ane kumene kwamveka phokoso, chifukwa mu gemu mpira umapita kumene chiuno chaloza osati kumene khosi lapotokera.

Kenako mtunda. Ndimaima penapake nkuitana, iye anene kaye kuti ndi masitepe angati, akatero ayende akuwerenga. Poyamba kusiyana kwake kumaseketsa, munthu kunena 5 pomwe ndi 11, koma pakapita masabata zimayamba kuyandikira.

Mpira umalowa apa. Timaugubuduza modutsa kutsogolo kwake, iye aziutsata ndi chala mpaka utaima, akatero akautole. Timasintha sipidi, timasintha mbali, pena timaumenyetsa kaye kumpanda kuti amve mmene kulira kwake kumasinthira ukabwerera. Zikayamba kuphweka timaonjezera zosokoneza dala, mipira iwiri koma atsate umodzi, kapena anthu awiri azicheza pambali pake za mtengo wa basi yopita kumudzi iye asataye mpira. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, chifukwa mu gemu palibe amene angakupatse bata, pali mpira, pali anzako, adani, goloboyi, kochi, mapazi, kupuma kwa munthu amene wakuyandikira, zonse nthawi imodzi ndipo uyenera kusankha chomvera.

Mawu a anzake awadziwenso. Timaima mozungulira, aliyense angonena "kuno" wapakatiyo atchule dzina lake nkumupatsira mpira. Pali inanso yoyenda mmbali mwa khoma uku akuwomba mmanja kapena kulizitsa lilime, kumvera mmene phokoso likubwererera khoma likayandikira. Daniel Kish wa ku America anatchuka ndi njira yolizitsa lilimeyi, koma osaona ambiri amachita kale zofananazo osadziwa kuti ndi luso.

Zonsezi sitipitirira nazo mphindi 10 kapena 15 ulendo umodzi. Kumvetsera kumatopetsa mutu kuposa mmene inu oona mumaganizira, munthu akayamba kulakwitsa zimene amakhoza poyamba si ulesi, mpumitseni.

Mpira ukaima umasiya kulira, nde amaupeza bwanji?

Eya, ukaima uli zii, ukakhala mmwamba sumvekanso bwino. Wosewera amasunga mmutu pamene waumva komaliza ndi sipidi yomwe unali nayo, nkuyerekeza pamene wathera, akafika amasesa ndi phazi mozungulira pang'onopang'ono. Ukakhaliratu osapezeka refu amatha kuugwedeza kuti ulire. Polandira pasi timaphunzitsa kugundanitsa zidendene zala zitayang'ana kunja, mawondo atapinda pang'ono, mpira ulowe pakati pa mapazi kenako auponde. Wopatsirayo naye amenye mwamphamvu ndithu, pasi yaulesi imafera panjira ndipo simveka.

Bwanji amayenda ndi mpira modabwitsa, timasitepe tating'onoting'ono?

Chifukwa mpira ukachoka kuphazi wautaya. Woona amaukankha mamita awiri nkuuthamangira, wosaona amausunga pakati pa mapazi, mkati mwa phazi lamanja kupita mkati mwa lamanzere, tiki taka tiki taka, uku akupita kutsogolo. Apa khutu limapuma kaye, amene akugwira ntchito ndi mapazi, ndipo makutu amamasuka kuti amvere adani ndi woitana wa kugolo. Ichi ndi chifukwa chake timaumirira kuti phazi lamanzere ligwire ntchito mofanana ndi lamanja kuyambira pachiyambi.

Timayamba ataima, kuupatsana mapazi ka 20 osautaya, kenako poyenda, kenako pothamanga, kenako kuima mwadzidzidzi wezulo ikalira nkuuponda, kuukokera kumbuyo ndi pansi pa phazi, kutembenuka nkubwerera. Pomenya kugolo ambiri amagwiritsa chala chachikulu, kajonjo kaja kamene kumudzi timati ndi kumenya kwa osadziwa mpira, koma kuno ndi chida, chifukwa mwendo subwerera kumbuyo kwambiri nde goloboyi samaona kuti shoti ikubwera.

Mchimwene wanga amadzandira akathamanga, ndi matenda ena kapena?

Nthawi zambiri ayi. Kuti munthu aime mokhazikika pamagwira zinthu zitatu, maso, timachubu titatu tokhala ndi madzi mkati mwenimweni mwa khutu lililonse, ndi uthenga wochokera mmapazi, mu akakolo, mmawondo ndi mkhosi wouza ubongo mmene thupi laimira. Maso akachokapo ziwiri zotsalazo zimayenera kusenza katundu yense. Yesani nokha kuima ndi mwendo umodzi mutatsinzina muone masekondi amene mukhale. Onjezani kuti anzathu ambiri osaona anakula akuletsedwa kuthamanga, "khala pansi ugwa", nde miyendo ndi chiuno sizinalimbe.

Zimatheka kukonza. Kuima ndi mwendo umodzi osavala nsapato pafupi ndi khoma, zikaphweka aime pa bulangete lopinda kapena siponji, zikaphwekanso aziponyerana mpira ndi wina ali chiimire choncho. Kuyenda chidendene chikugunda chala mu mzere wowongoka. Kudumpha ndi miyendo iwiri nkutera mawondo atapinda osasuntha, kenako ndi mwendo umodzi. Chingwe chodumpha chimathandiza kwambiri kuti manja ndi miyendo zimvane. Ndiye pali kutembenuka, kumene ine ndimakuona kofunika kuposa zonse, timati tembenuka kota kumanja, theka kumanzere, zungulira kamodzi, kenako loza kumene kuli golo. Munthu amene amasokonekera akangotembenuka kawiri sangasewere olo atakhala ndi shoti yotani.

Pali kusiyana pakati pa wobadwa wosaona ndi amene anasiya kuona pakati. Wachiwiriyu amakumbukira mmene munthu amathamangira ndi mmene Big Bullets kapena Wanderers imaimira mbwalo, koma mantha ndi ochuluka. Woyambayu mantha ndi ochepa, makamaka amene anadutsa sukulu za osaona ngati Chilanga ya ku Kasungu kapena Lulwe ya ku Nsanje amakhala ozolowera kuyenda okha, koma sanaonepo munthu akuponya manja pothamanga, nde mawu oti "chita chonchi" kwa iye alibe tanthauzo. Amayenera kugwira mwendo wa kochi uku ukumenya mpira pang'onopang'ono, kapena kochi amugwire phazi nkuliyendetsa, atapempha kaye. Koma ngati pali chizungulire, kusanza kapena kulira kwa mkhutu, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala osati ya pulakatisi.

Mawu aja amakuwa oti voy ndi achani?

Ndi lamulo. Aliyense amene akupita kukalanda mpira kapena kuusaka ayenera kunena "voy" momveka ndiponso nthawi yake isanathe, kuti amene ali ndi mpira adziwe kuti kukubwera munthu. Ukapanda kunena ndi faulo. Ndi Chisipanishi, kutanthauza kuti "ndikubwera", koma dziko lonse limagwiritsa mawu omwewo. Timawalowetsa mu china chilichonse, olo pothamanga mozungulira bwalo kotenthetsa thupi, mpaka azituluka okha mkamwa. Atsopano amachita manyazi, amanena chamumtima, ndipo kugundana mitu kwambiri kumene ndaonako kumachokera pamenepo ndi pa kuweramitsa mutu posaka mpira. Mutu mmwamba, mkono kutsogolo wopinda osati wokankha nawo, voy mokweza.

Ndikufuna kuthandiza ngati woitana, si kungokuwa basi?

Apa nde ndikhalitsapo chifukwa kunena zoona amene amavuta kuphunzitsa si osaona, ndi ifeyo oona. Bwalo limagawidwa patatu. Chigawo chakumbuyo amayankhula ndi goloboyi, chapakati kochi ali kumbali, chakutsogolo woitana amene waima kuseri kwa golo la adani, ndipo aliyense amayankhula mpira ukakhala mchigawo chake. Malamulo anaika choncho dala kuti mawu asachuluke.

Munthu watsopano akaima kuseri kwa golo amatengeka, mumangomva "uko uko uko, ameneyo, menya, ayi kunoko, eee wataya", wosewera nkuima kakasi pakati pa bwalo. Uko ndi kuti? Iye chala chanu sakuchiona. Ndipo nthawi yonse imene mukukuwayo mwaphimba kulira kwa mpira ndi voy wa mdani. Woitana wabwino amaima pakati penipeni pa golo osasunthasuntha chifukwa mawu ake ndi amene akusonyeza pamene pali golo, amatchula dzina kaye kenako uthenga waufupi, "mamita 8, awiri kutsogolo", "kumanja kuli mpata", "menya". Kumanja kwake kwa wosewerayo, osati kwanu, poti mwayang'anizana, ndipo apa pamagwa anthu ambiri. Mamita mukunenawo akhale oona, nde nanunso muziyeseza kuyerekeza mtunda, ife timaika zizindikiro pa 6, pa 8 ndi pa 10 kuti diso lizolowere. Ena amakonda kugwiritsa wotchi, 12 koloko kutsogolo, 3 koloko kumanja, zili bho koma mufunse kaye, wobadwa wosaona mwina wotchi ya mivi sanaigwirepo.

Pa penate, ya mamita 6 kapena ija ya mamita 8, woitana amagogoda chitsulo chakumanja ndi chakumanzere kenako nkuima pakati nkuitana, akatero atseke pakamwa. Pofotokoza maimidwe a timu timajambula ndi chala pamsana kapena pachikhatho cha wosewera, kapena kuika zitsekerero za mabotolo pa katoni kuti azigwira.

Chinanso, musamuyendetse munthu sitepe iliyonse. Wosewera ndi iyeyo, njomba adyetsa ndi iyeyo, inu mukungomupatsa zimene maso akanamupatsa. Aliyense wofuna kukhala woitana pathu amayamba wavala chophimba kumaso kwa theka la ola, wina nkumamukuwira "uko uko", akachoka pamenepo amabwera wofatsa. Ndipo zomvera chisoni, "ayi zachisoni bambo awa", zomugwira munthu osamuuza, zochoka pamene mumacheza naye osatsanzika iye nkumayankhula yekha, zimenezo pathu timadzudzula pomwepo.

Johannesburg ndi phokoso lokhalokha, mumatha bwanji?

Limativuta ndithu. Mahutala a matakisi, sipika ya kutchalitchi cha mtenti, nyimbo za pamalo omwera, jenereta ya pafupi, zonsezi zimadya kulira kwa mpira. Nchifukwa chake timakonda mmawa Loweruka anthu asanadzuke bwino. Mholo namo muli vuto lake, mawu amabwerera kuchoka kumakoma ndi kudenga nde munthu amamva woitana mbali ziwiri, mpira umenewu umakoma panja. Mabwalo ambiri a anthu asanuasanu obwereka kuno ndi ozunguliridwa ndi neti kapena waya, amathandiza kuti mpira usathawe koma samabweza mpira ndi mawu ngati matabwa, ndipo muyambe mwayenda mmbali monse kufufuza waya wotuluka amene angang'ambe dzanja.

Nyengo nayo. Mphepo ya mu Ogasiti imauluza mawu, woitana amamveka ngati ali kumbali pomwe ali kutsogolo, masiku otero timafupikitsa mitunda. Mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa mmawa koma chipewa chophimba makutu ayi, valani majuzi awiri ndi magolovesi, makutu akhale pamtunda. Dzinja la kuno mvula yake imabwera masana ndi mphenzi zoopsa, osewera sangaone mtambo ukuda nde ndi udindo wa ife oona, kukangogunda tonse timatuluka, palibe zoti timalize kaye. Komanso mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchoka pa nyanja yamchere, amene wangofika kuchoka ku Nsanje kapena ku Mangochi amapuma wefuwefu masabata oyamba, ndipo munthu akamapuma mokweza choncho amadzitsekera yekha makutu. Kulimbitsa mpweya ndi mbali ya kuphunzitsa kumva.

Zipangizo zake nzodula? Tingayambe ndi chani?

Mpira weniweni umachita kuitanitsa ndipo siwotchipa, ndi wocheperako kuposa wa masiku onse koma wolemera kupitirira pang'ono theka la kilogalamu, sudumphadumpha. Poyambira tengani mpira wamba, uphwetseni pang'ono, muukulunge mu jumbo yolira bwino nkumanga, umamveka ndithu pa simenti kapena pa kapeti, kungoti jumboyo imang'ambika msanga nde bwerani nazo zambiri. Chikulunga choika timiyala mkachitini pakati chimagwiranso kwa ana. Koma amene akufuna mpikisano azolowere mpira weniweni chifukwa kulira kwake ndi kulemera kwake nzosiyana.

Nsapato zikhale mateki kapena zija za timano ting'onoting'ono, osati jombo za mano aatali, mupondana. Zotchinga miyendo ndi zofunika. Chophimba kumaso chikhale cha siponji yochindikala chifukwa chimatetezanso mphumi, ndipo aliyense akhale ndi chake, kubwerekana kumapatsirana matenda a maso.

Timakhala chipinda chimodzi chobwereka, kunyumba angayeseze chani?

Zambiri ndithu. Kuupatsana mpira mapazi sikufuna malo, pakati pa bedi ndi chitseko pakwana. Kuima ndi mwendo umodzi uku akutsuka mano. Mwana wa mnyumbamo agwetse makiyi kapena ndalama yachitsulo penapake iye aloze nkukatola, ana amaikonda imeneyi. Kungoti chotsani ketulo, mbaula ndi zingwe za magetsi pansi, ndipo mukasuntha katundu mnyumba muzimuuza.

Pakufunika kuonana ndi adokotala kaye?

Kwa ena eya. Amene akuonako pang'ono ndipo ali ndi vuto la retina (kachikopa ka kumbuyo mkati mwa diso), glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso), kapena anachitidwa opaleshoni ya diso posachedwa, afunse kaye adokotala a maso ngati angasewere masewero ogundana, chifukwa kugunda mutu kapena mpira kumaso kungathe kumalizitsa kakuona kotsalako. Chipatala cha maso chodziwika kuno ndi St John Eye Hospital ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto, mumayambira ku kiliniki ya kwanuko kuti akulembereni kalata. A shuga abwere atadya, atenge kotsekemera mthumba, ndipo wina aziwaona mapazi ngati pali zilonda poti ena samva kuwawa kumapazi. Anzathu achialubino, mafuta oteteza kudzuwa ndi malaya a manja aatali, dzuwa la pamtunda pano limawotcha olo kukuzizira.

Makutu asamaleni ngati mmene ena amasamalira maso. Panali mnyamata wina amene ankaphonya chilichonse chochokera kumanzere, kuloza nthawi zonse cha kutsogolo, tinamulimbikitsa apite ku kiliniki nkupezeka kuti khutu linatsekeka ndi phula, atalitsuka anasintha sabata yomweyo. Chimfine chimachitanso zomwezo. Ndiye ma earphone, tikudziwa foni imakuwerengerani mauthenga tsiku lonse, koma tsitsani voliyumu. Wina akagunda mutu nkumamva chizungulire, mutu kuwawa kapena kusokonekera, tsiku limenelo wamaliza, olo akane bwanji.

Ana ndi atsikana angasewere nawo?

Kwambiri. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi unachitika mu 2023 ku Birmingham ndipo anapambana ndi Argentina. Achemwali amene amabwera pathu timaonetsetsa kuti pakhale mayi woona wowathandiza pa zija zogwirana mwendo pophunzitsa. Ana sitiwasakaniza ndi akuluakulu mu gemu, ndipo kwa iwo zambiri ndi masewera chabe, kukwawa, kugubuduzika, kudumpha, kuthamangitsa mpira wolira. Mayi, tikudziwa mtima umakhala mmwamba, koma mwana akagwa pa kapeti msiyeni adzuke yekha, ndipo mukaima pa waya musamuitane dzina, amasiya mpira nkulondola mawu anu.

Ndikufuna kuyamba, koma ndikafika bwanji ku bwaloko, ndipo mapepala mumafunsa?

Pa pulakatisi pathu sitifunsa pepala lililonse. Mipikisano yovomerezeka ndi imene imafuna chiphaso ndi malipoti a dokotala wa maso kuti akuikeni mgulu la B1, B2 kapena B3, ndipo za masewero a olumala mdziko muno mungafunse ku bungwe loona za masewerowa la SASAPD.

Mayendedwe ndi amene amagwetsa anthu ambiri kuposa mpirawo. Matakisi a kuno mumaimitsa ndi zizindikiro za zala, ndipo pa renki ngati Bree kapena Noord olo woona amasochera. Masiku oyamba timagwirizana kuti wina woona wa dera lanu akutengeni pageti nkukubwezani, lembani pa gulu pofika Lachinayi kuti tidziwe. Koma cholinga nchoti muzidzayenda nokha, nde ngati simunaphunzirepo kuyenda ndi ndodo yoyera funsani ku Johannesburg Society for the Blind, ku Blind SA, ku South African National Council for the Blind ya ku Pretoria, kapena ku South African Guide-Dogs Association amene ali ndi koleji yophunzitsa alangizi a kayendedwe ka osaona. Luso la ndodo ndi la mbwalo zimathandizana, amene amayenda yekha mtauni timamuona amagwira msanga za mtunda ndi kutembenuka.

Pobwera tengani botolo la madzi lokhala ndi chizindikiro chogwirika, kaya labala womanga pakhosi pake, kuti lisasokonekere ndi la anzanu, ndipo zikwama zonse timaika kunja kwa bwalo mbali imodzi yomweyo sabata iliyonse.